Tsiku limene anakana kulandira mwana

Amuna anga ndi oyimba. Anayambira m'kwaya ku Nzama, kenako m'maukwati, ndi gitala yobwereka. Nyimbo zawo ndi zachikondi zokhazokha, zija zoti ukazimva umaima panjira ndowa ili pamutu. Ndili ndi pakati, imodzi inalowa pa wailesi. Pa Manjawira anyamata oika nyimbo m'mafoni ankailiza tsiku lonse, azimayi pamsika n'kumandiloza kuti mkazi wake ndi uyo.

Nditachira mwana wamkazi, amayi ndi azakhali anatikhazika pansi tonse awiri. Anati mpaka tidzachite mwambo wotenga mwana, aliyense adzisunge. Bambo akagona kwina n'kubwera kudzagwira khanda, limatupa masaya ndi miyendo, ndilo tsempho, ndipo ena sapulumuka. Amuna anga anavomera atawerama. Patangopita milungu iwiri anawaitana kukaimba ku Lilongwe, kuchoka uko ku Blantyre.

Ine mtima sunakhale pansi. M'mawa uliwonse ndinkamudina mwana pamwendo ndi chala, kuona ngati patsala kadzenje. Kusikelo anesi anati akukwera bwino, koma sindinasiye. Mnzanga anandionetsa vidiyo pafoni yake. Amuna anga akuimba, atsikana akuwafupa, wina akuwapukuta thukuta ndi mpango wake. Ndinaionera kanayi, maso ali padzanja la mtsikanayo basi.

Amuna anga anabwera masana pa njinga yamoto, atavala jekete yatsopano, ana akuthamanga pambuyo akuimba nyimbo yawo ija. Anabweretsa sopo, shuga ndi tizovala. Ndinagwada, ndinawalonjera, ndinatsitsa mwana kumsana. Ndinkafuna amulandire, ndinkaopanso kuti amulandira.

"Landirani mwana wanu, bambo ake."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kamwanako kakuyasamula. Kenako anapisa manja onse m'matumba a jekete n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ndili ndi chimfine," anatero. "Ndingamupatsire."

Chimfine analibe. Amayi anali pakhonde kusankha mbatatesi. Anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ndinamubereka mwana wanga, chitenje ndinamanga kawiri. Bambo ake akanafuna kubisa, akanangomunyamula n'kumasekerera, ine osadziwa kanthu mpaka miyendo itatupa. Anasankha kuti ndidziwe ine, mwana akhale moyo. Ndinapita kukawatenthetsera madzi osamba, ndipo amayi atandipeza misozi ili m'maso ndinawauza kuti ndi utsi.