Pepani Wake Uti?

Kalata yondidzudzula ndikadali nayo. Ili m'faelo yobiriwira pamodzi ndi mapepala onse a holo ya tchalitchi chathu ku Bradford, kuyambira chaka chimene mpingo unandipatsa makiyi. Akuti ndinachititsa mpingo manyazi pamaso pa alendo. Abusa anasainira m'munsi, ndipo dzina langa analilemba molakwika.

Nkhaniyi inayamba ndi mayi ena a ku Somalia amene ankagwira ntchito m'wodi imodzi ndi akazi anga ku chipatala. Tinazolowerana mpaka ine ndinkawatcha achemwali, iwo n'kumanditcha achimwene. Amuna awo anakwezedwa pa lole ndi asilikali nthawi ya nkhondo kwawoko, m'mawa akutsegula shopu, ndipo sanabwerenso. Munthu amene ankalamula tauni yawo masiku amenewo tsopano ndi bwana wolemekezeka. Amayenda m'mizinda ya kuno kulalikira chiyanjano pakati pa mafuko awo.

Akuluakulu a Chisomali anapempha holo yathu kuti bwanayo adzalankhulemo, chifukwa fuko lililonse linkakana kukumana m'holo ya linzake. Tsiku lisanafike, achemwali anabwera kwathu, n'kukhala pa mpando osavula jekete.

"Achimwene, kumapeto kwa msonkhano kudzakhala tiyi," anatero. "Ndikadzamwa naye pamaso pa akuluakulu, ana anga adzauzidwa kuti nkhani ya bambo awo inatha. Ndikadzakana kapu atandipatsa kale, wodana ndi mtendere ndidzakhala ine."

"Nanga mukufuna chiyani kwa iyeyo?"

"Anene kumene lole inapita. Basi."

Tsikulo holo inadzaza. Amayi anawiritsa tiyi wawo wa jinja m'khitchini yathu, fungo lake mpaka pa msewu, kenako anakakhala pansi. Ine ndinatseka khitchini monga mwa lamulo la holo, kiyi n'kuika m'thumba.

Bwana uja analankhula m'chinenero chawo, kenako m'Chingerezi kuti ana obadwira kuno amve. Pakamwa anali napo. Anati onse anavutika, onse anataya abale, dziko linadwala. Ndiye anaika dzanja pachifuwa n'kutchula liwu lija la Chingerezi limene ife timati pepani: pepani pa zonse zimene zinagwera dziko lathu.

Abusa athu, amene anaima nane kumbuyo, anaomba m'manja okhaokha. Kwathu mu mpingo munthu akangotchula liwu limenelo mlandu watha, nyimbo iyambe, anthu agwirane chanza.

"Wapepesatu! Abambo, tsegulani, tiyi atuluke."

"Satuluka."

"Mwati chiyani?"

"Ndati tiyi satuluka, abusa."

Ine liwu limeneli ndimalidziwa ngati chipsera cha pamwendo panga. Munthu akapunthwa yekha pa mwala timati pepani. Tikamuponda dala timatinso pepani. Liwu ndi limodzi, koma loyambalo ngakhale wodutsa m'njira akhoza kulinena. Nthawi ya chipani chimodzi kwathu, mchimwene wanga anamwalira atangotuluka m'ndende. Tcheyamani wa chipani amene anakamunenera anabwera pamaliro, anagwada pamaso pa amayi athu, n'kunena kuti pepani, mofanana ndi aliyense amene anabwera kudzalira. Mudzi wonse unati wapepesa. Amayi anamwalira akudikira pepani winayo. Chikalata chotulutsira mchimwene wanga m'ndende ndili nacho, ndipo palibe pamene pali dzina la tcheyamaniyo.

Ndinayenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo. Ndinapempha chilolezo kwa amene ankatsogolera msonkhano, mkulu wokalamba wa ndevu zopaka zofiira. Anandiyang'ana modabwa, koma anagwedeza mutu.

"Bwana," ndinatero m'Chingerezi changa cha ku mishoni, "ine ndine wosunga makiyi chabe. Koma kwathu pepani alipo awiri. Wina amanena munthu amene waona mnzake atagwa. Wina amanena amene wamugwetsa. Wanuyu ndi uti?"

Holo inachita phokoso. Bambo wina anakuwa kuti wamakiyi akasamale makiyi ake. Abusa anandikoka jekete n'kumanong'ona kuti, "Abambo, za eni ake izi, za eni ake!" Zoona zinali za eni ake. Ndiye chifukwa chake mkulu wa ndevu zofiira atagogoda pansi ndi ndodo yake, ine ndinabwerera m'mbuyo osawonjezera liwu. Mkuluyo sanayang'anenso ine. Anayang'ana mbali ya amayi, n'kufunsa ngati alipo amene ali ndi funso.

Achemwali anaimirira. Analankhula m'Chingerezi kuti ana awo amve. Anatchula shopu, anatchula mtundu wa lole, anatchula malaya amene amuna awo anavala m'mawa umenewo.

"Asilikali aja ankamvera inu. Lole inapita kuti?"

Bwana anati ndi kalekale, malole anali ambiri, Mulungu ndiye adziwa.

"Mulungu adziwa, inde," anatero achemwali. "Iyeyo ndimamufunsa tsiku lililonse. Lero ndikufunsa inu."

Munthu uja anayang'ana akuluakulu, akuluakulu anayang'ana pansi. Anayang'ana wotchi yake, n'kunena kuti sitima ya ku Liverpool imusiya, kumeneko kulinso msonkhano wina. Anatuluka ndi anthu ake, ndipo ine ndinawatsegulira chitseko mwaulemu wonse.

Mkulu wa ndevu zofiira analankhula pang'ono m'chinenero chawo. Achemwali anandimasulira pambuyo pake: anati nkhaniyi sinathe, ndipo wofuna kutsogolera anthu ku chiyanjano ayambe wayankha mayi ameneyu. Ena anang'ung'udza, ena anatuluka atakwiya. Sindinganame kuti onse anakondwa.

Pamenepo ndinatsegula khitchini. Tiyi anali atazizira, tinachita kutenthetsanso. Achemwali anamwa makapu awiri ataima. Mpaka lero sakudziwa kumene lole inapita. Koma palibe amene anauza ana awo kuti nkhani ya bambo awo inatha, ndipo ndimamva kuti kumene bwana uja amapita, pamapezeka wina womufunsa za malole.

Komiti ya mpingo inandiitana. Abusa anawerenga kalata yawo ija, anati holo si bwalo la milandu, ndipo anati ndikangopepesa makiyi ndikhala nawobe. Ndinalandira kalatayo, ndinaipinda bwinobwino, n'kuika makiyi patebulo ndekha.

"Pepani, abusa," ndinatero.

Nkhope zawo zinamasuka, ndipo amayi ena anayamba kale kuyambitsa nyimbo.

"Dikirani kaye," ndinatero. "Ameneyu ndi woyamba uja, wa munthu wodutsa m'njira."