Mwendo Wachinayi wa Mpando

Lolemba m'mawa, ofesi ya zomangamanga inakhoma chikalata pachitseko chake kudziwitsa anthu onse kuti holo yatsopano yatha, kuti pansi pake m'posalala ngati galasi, ndiponso kuti mpando wa bwana wamkulu udzakhala ndi miyendo inayi yofanana, uliwonse masentimita makumi anayi ndi asanu. Chikalatacho chinali ndi zidindo ziwiri, kuopa kuti chimodzi anthu angachikayikire.

Ntchito ya mpandowo inagwera a Chikhomo. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa pa zaka makumi atatu za ukalipentala sanakhomepo msomali pampando. Iwo amaboola, n'kulowetsa thabwa m'thabwa linzake, n'kutseka ndi chikhomo cha mtengo. Msomali, amatero iwo, ndi wa munthu amene mawa akusamuka. Ndipo chonyadira chawo n'chimodzi: palibe mpando wawo umene munthu anaupindirapo kapepala kunsi kwa mwendo kuti uleke kugwedera.

Pofika Lachinayi zidutswa zonse zinali ndanda pabenchi. Anayamba ndi miyendo yakumbuyo, kuilumikiza ndi mtanda wake, guluu asanamukhudze n'komwe. Kenako yakutsogolo. Mikono imabwera pomaliza, chifukwa mkono umagwira mwendo wakutsogolo ndi msana wa mpando nthawi imodzi. Ukaupupulumira, umakokera mpando wonse kumbali. Ankagogoda ndi hamala ya mtengo, khutu lili tcheru, pakuti polumikiza pakakhala bwino pamalira mwamtundu wina. Atakhutira anamasulanso zonse, n'kupaka guluu, n'kumanga ndi chingwe chimene anachipota ndi kamtengo mpaka guluuyo anatuluka m'mbali ngati thukuta. Koma miyendo anaisiya yaitali. Mwambo wawo ndi umenewo: sadula mwendo asanaone pamene mpando ukaime.

M'mawa mwake kunabwera kalaliki wa ku ofesi ija, amenenso ndi mlongo wa akazi awo, tepi ndi fomu yolembapo miyeso zili m'manja.

"Alamu, miyendoyi yatalika. Chikalata chikuti…"

"Chikalatacho chinakhalapo pampando?"

"Mukufuna andichotse ntchito inu?"

"Achimwene, musadzivute," anatero akazi a a Chikhomo, akusesa utuchi pakhomo. "Awatu anayamba ayeza pansi pa nyumba ya makolo athu asanandifunsire."

"Ndiye munapezamo chiyani, alamu?"

"Munali mopendekeka. Koma ndinakwatirabe."

A Chikhomo ndi kalaliki uja ananyamula mpandowo mpaka kuholo. M'katimo munali kununkhabe penti. A Chikhomo anafunsa pamene bwana adzakhale, n'kutulutsa botolo m'thumba la ovolosi, n'kuligoneka pasimenti. Botololo linayamba ulendo. Linagubuduka mosapupuluma, ngati munthu wodziwa kwawo, mpaka linakaima pakona.

Kalaliki anayang'ana kudenga. "Ine sindinaone kanthu. Pansi pano pali zidindo ziwiri."

Apa nkhani inali poyera. Akadula miyendo yonse mofanana, mpando udzagwedera pamaso pa tauni yonse, ndipo palibe adzaloze simenti. Onse adzati a Chikhomo akalamba. Akadula motsata simenti, fomu ya alamu awo iwakana, mpando ubwezedwa.

"Tabweretsani fomuyo," anatero a Chikhomo. Anaiyang'anitsitsa. "Pamwendo apa pali malo a manambala angati?"

"Imodzi."

"Ndiye mukuvutikiranji? Amene analemba fomuyi amadziwa kuti munthu wotanganidwa sayeza miyendo inayi."

Anaimika mpando pamalo pake, n'kugwada, n'kulemba ndi pensulo. Itatu anaidula momvera chikalata. Wachinayi anaudula momvera simenti. Atatha anaukhalira, n'kudzigwedeza uku ndi uku ndi thupi lonse. Mpando uli nji. Anajambula timizere tinayi pansi pozungulira miyendo, n'kuuza alamu awo kuti aliyense wousuntha adzayankha yekha. Kalaliki anasankha mwendo wakutsogolo, anauyeza kawiri konse mwaulemu, n'kulemba nambala yake.

Tsiku lotsegulira holo, bwana wamkulu anakhala pampandowo maola atatu. Anatsamira, anapinda miyendo, anamenya mkono wa mpando ndi chibakera pofuna kutsindika mfundo. Mpando osagwedera n'komwe. Potseka msonkhano anapempha anthu kuti auyang'ane bwino. Mpando wa miyendo yofanana, anatero, suima chonchi pamalo opendekeka. Umenewu ndi umboni wakuti ofesi ikalonjeza imachita, ndipo nyumba zonse zimene zikubwera zidzamangidwa ngati holo imeneyi. Anthu anaomba m'manja. A Chikhomo, amene anawapatsa malo kumbuyo pafupi ndi kona ija, anaombanso, botolo lawo lili m'thumba.

Mwendo wakumbuyo wa kumanzere ndi wautali ndi chala chimodzi kuposa inzake.