Bandi ya Mabuleki Palibe

Ndikakumbukira agogo a Zakeyu, ndimamva fungo la kapinga wongotchetchedwa kumene, utsi wa masamba a jakaranda omwe ankawotcha kuseri kwa mpanda, ndi kalikhweru kawo komwe kankayamba m'mawa ife tisanamwe n'komwe tiyi. Sanali agogo anga enieni. Ankasamalira maluwa pa nyumba yoyandikana ndi ya abwana a mayi ku Area 11, ndipo pakati pa kanyumba kawo ndi kathu panali mpanda wa maluwa wokhala ndi kampata kokwanira mwana wa Fomu 2 ndi chikwama chake.

Chaka chimenecho ndinali nditangoyamba kulemba dayale m'kope la chikuto chofiira, ndipo Loweruka ndinkayenda wapansi kupita ku laibulale ya ku City Centre. Tsiku lina ndinabwereka buku la Chingerezi lofotokoza mbiri ya nyimbo zakale za m'matauni: momwe amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ankabwerera kumudzi ndi magalamafoni, magitala ndi zitoliro, ndi momwe anyamata ankadzipangira mabanjo ndi zigubu za mafuta. Ndikuwerenga pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinamva wilibala itaima kumbuyo kwanga.

A Zakeyu anayang'anitsitsa chithunzi cha pachikuto, kenaka anati mnyamata wa pachithunziyo wagwira banjo ngati nkhuku yoti akagulitse kumsika. Ndinaseka n'kuwafunsa chomwe ankadziwapo. Anapukuta manja pa ovolosi, anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Anandiuza kuti ali mnyamata kwawo ku Mitundu anali ndi bandi ya anthu asanu. Banjo anaipanga ndi chigubu ndi chikopa cha mbuzi, koma nsambo zinasowa, ndiye anakasolola waya wa mabuleki pa njinga ya amalume awo osawauza. M'mawa mwake amalumewo anatsetsereka ndi njingayo mpaka kudimba, akukuwa kuti anthu apatuke, n'kukathera m'kabichi wa eni ake. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkawatcha a Mabuleki Palibe, ndipo dzinalo anayenda nalo m'maukwati ndi m'misika, mpaka pamakonde a masitolo a ku Old Town.

"Aphunzitsi," anatero, poti ndi momwe ankanditchulira, "mufufuze bwino m'bukumo. Sangalembe za banjo osatitchula ife."

Kwa masabata awiri, ndikaweruka kusukulu ndinkawawerengera mutu umodzi n'kumamasulira m'Chichewa. Ankatsutsana nalo bukulo ngati munthu. Litanena kuti babatoni ndi chigitala chachikulu cha nsambo imodzi chomwe woimba amachita kukhalira, anavomera ndi mutu. Litaiwala kunena kuti chikopa cha banjo uyambe wachiwamba padzuwa kuti chilire bwino, anati wolembayo anangomva za m'maluwa. Koma ndikatseka buku, funso linali lomwelomwelo: kodi afika ku Mitundu?

Ine ndinali nditasuzumira kale pamndandanda wa maina kumapeto. Dzina la bandi yawo munalibe. M'dayale ndinalemba kuti, Ambuye mundikhululukire, mawa ndinama kamodzi kokha.

Lachisanu, mawa lake ndikukabweza buku, anabwera atavala jekete la kutchalitchi ngakhale dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Ndinaika chala pamzere wina n'kuwerenga kuti ku Mitundu kunalinso bandi yotchuka kwambiri ya Mabuleki Palibe. Anatsinzina, akumwetulira. Kenaka anafunsa kuti nanga alemba kuti wa babatoni anali ndani. Ndinayankha kuti Zakeyu.

"Babatoni anali Lufeyo, mwanawe. Ndikanagwira ine, ukwati ukanathera pomwepo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ine misozi ili lengelenge ndi manyazi. Anati anadziwiratu, chifukwa ndikamawerenga zoona ndinkachita chibwibwi posaka mawu a Chichewa, pomwe bodzali linatuluka losalala ngati nkhani za pawailesi. Sanandikalipire. Anangoti mwina wolembayo anaopa matope a msewu wa kwawo. Kenaka anasisita chikuto cha bukulo, ndipo ananena motsitsa mawu kuti anzawo anayi onse anatsogola, moti iwo akadzatsatira, ngakhale amalume a m'kabichi aja adzaiwalika.

Ndinadutsa pakampata paja n'kubwerera ndi kope lofiira. Anakonza kolala ya jekete, n'kuyamba kutchula mmodzimmodzi: Lufeyo wa babatoni, Kamtedza wa ng'oma, Yotamu wa chitoliro yemwe ankaimbira pambali pa kamwa, Sandifolo wogwedeza zitsekerero za mabotolo, ndi iwo eni a banjo. Ndikalemba, ankati ndiwawerengerenso, ndipo anandikonza kawiri pa mtundu wa mbuzi yomwe inapereka chikopa.

Sabata yotsatira anatulutsa pansi pa bedi banjo yakale yopanda nsambo, n'kudzaima nayo pakampata, maso ali pa njinga ya bambo yomwe inatsamira khoma. Mayi anali atamva nkhani yonse akuchapa. Anangopukuta thovu m'manja, anakankhira njingayo m'nyumba n'kukiya. Waya tinakaupempha kwa wokonza njinga ku Old Town. Lamulungu masana, chikopa chitawambidwa pamwamba pa thanki ya madzi, a Zakeyu anaimba, ndipo alonda a nyumba zitatu anasiya mageti n'kudzavina ndi majombo awo pakapinga yemwe agogowo sankalola aliyense kupondapo.

A Zakeyu anabwerera ku Mitundu ndili Fomu 3, ndipo anatsatira anzawo mvula isanagwe. Kope lofiira ndili nalobe, ndipo ndikudikira zotsatira za mayeso a Fomu 4 ndikulikopera bwinobwino mawu ndi mawu. Dzulo ndinapitanso ku laibulale. Buku lija lili pamalo ake akale, ndipo pambali pake pali kampata. Ndinayesa ndi zala ziwiri. Buku la Mabuleki Palibe lidzakwanapo.