Ndalama ya a Gondwe imene ndinawotcha

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholephera kukhala pansi. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinkangozungulira pa Boma la Phalombe, m'mawa kumsika, masana kusiteji kukaonerera anthu akukwera minibasi za ku Limbe. Amalume anatopa nane. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kukandisiya kwa a Makwinja, mnzawo wa kutchalitchi, amene anali ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika.

"Amadziwa chiyani mwanayu?" anafunsa a Makwinja.

"Kuyendayenda," anayankha amalume.

Mushopumo munali makina awiri. A fotokope ankafuna kuti ndizipukuta galasi ndi kansalu kofewa, ndiziyamba ndapeta mapepala kuti asamatirirane, ndi kugwedeza botolo la inki ya ufa zolemba zikayamba kuzilala. Enawo anali olaminetera. Umalowetsa pepala m'kathumba ka pulasitiki, umadikira kanyali kofiira kasanduke kobiriwira, kenako umalowetsa kathumbako mbali yomata ili patsogolo. Kanyaliko kankachedwa ngati basi ya boma. Ine mtima unkandiyabwa, ndiye a Makwinja akangotuluka ndinkapotoza kabatani kotenthetsera mpaka kumapeto.

Kulamineta ndiye kunali chakudya chathu. Ife a ku Phalombe pepala lamaliseche sitilikhulupirira. Madzi a napolo atatsika m'phiri ndili wamng'ono anapita ndi zikalata za anthu, za bambo anga zomwe. Choncho anthu ankabwera ndi setifiketi, khadi la ubatizo, chithunzi cha malemu, ngakhale lisiti yogulira njinga. Munthu akakupatsa chinthu chimene amachikonda, iwe umachikuta. Umu ndi mmene ndinkadziwira ulemu.

Pakati pa makasitomala athu panali a Gondwe, aphunzitsi a mbiri yakale kusekondale, ochokera ku Rumphi. Iwowa ankasonkhanitsa ndalama zapepala za mayiko osiyanasiyana, koma zokhazo zokhala ndi nkhope za anthu amene anachitapo kanthu m'mbiri. Ankazisunga m'buku lalikulu la timatumba toonekera, iliyonse ndi kapepala kake pansi kofotokoza za munthuyo. Zina anapatsidwa ndi ansembe, zina ndi anthu obwerera ku Joni, zina anatumiziridwa ndi anzawo a makalata. Ankazigwira ndi kapani kakang'ono, chala ayi.

Akatsegula bukulo pa kauntala, ine ntchito ndinkaiwala. Panali nkhalamba ya dazi ya magalasi ozungulira ya ku India, panali msilikali wa ndevu, panali wolemba ndakatulo. Ndinkafunsa mafunso mpaka a Makwinja kutsokomola.

"Iwe Felesiya, miyendo ili kuno koma mtima uli pabwalo la ndege," ankatero a Gondwe akuseka.

Imodzi ankaichedwerapo. Inali yobiriwira mopita ku buluu, ya ku New Zealand, yokhala ndi mayi amene anamenyera nkhondo kuti akazi azivota. Siinali ya pepala koma ya pulasitiki yoterera. Inachokera kwa mng'ono wawo, amene anapita kumeneko kukaphunzira za udokotala n'kumwalirira komweko. Maliro sanabwere. Ndalamayo inali m'kalata yake yomaliza, ndipo a Gondwe anandiuza okha kuti pa zonse za m'bukumo, imeneyo yokha ndiye sangaisinthe ndi china chilichonse.

Tsiku lovutalo linali Lachisanu, nyengo ya mvula, chisankho chikuyandikira. Magetsi anathima m'mawa n'kuyaka cha m'ma 2 koloko. A Makwinja anali atapita ku Limbe kukagula inki, ndiye ndinali ndekha ndi mzere wa anthu ofuna ntchito zoyang'anira mavoti, aliyense ndi masetifiketi ake. Makina olaminetera ndinawapotoza mpaka kumapeto, ndipo anakhala choncho masana onse.

A Gondwe anafika ndi envelopu ya khaki ya ndalama zisanu, kuphatikizapo ya mng'ono wawo ija. Ankafuna kuti ndizikulitse pa pepala lalikulu kuti Lolemba akaphunzitsire ana za kuvota.

"Ndikufika kuchipatala kukaona mnzanga. Uzisamale, mwana wanga."

Ndinazikulitsa bwinobwino, zonse zisanu. Ndikuzibweza mu envelopu mvula inatsika kuchokera kuphiri la Michesi, ya mkokomo, ndipo denga lathu linayamba kudontha. Dontho limodzi linagwera pa kauntala, pafupi penipeni ndi envelopu ija. Ndinaganiza za a Gondwe akupalasa njinga m'mvula imeneyo. Ndinati, anthu ophunzirawa nawonso! Chinthu cha malemu n'kumayenda nacho chosakuta? Ndinaganiza zowalaminetera chaulere, adzadabwe. Ndipo ndinayamba ndi yofunika kwambiri ija.

Itangolowa theka ndinamva fungo la jumbo yopsa. Ndinazimitsa makina, ndinakoka, koma zogudubuza zinali zitagwira kale. Pamene inatuluka, mayo ine! Ndalama ija inali itakhwinyata mkati mwa kathumba, itachepa mpaka kukwana pachikhatho, nkhope ya mayi uja itapindika pakati. Ndinayesa kusenda kathumbako ndi lezala, koma zonse zinali zitasanduka chinthu chimodzi.

Ndinatuluka panja, ndinalowa, ndinatulukanso. Pasiteji minibasi ya ku Limbe inali kuitanira, ndipo sindinama, ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganizanso zonena kuti yasowa. Mayi wina amene ankadikira fotokope anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

A Gondwe anabwera mvula itakata, thalauzi atamanga ndi timphira. Ndinawapatsa mapepala okulitsa aja, kenako ndalama zinayi. Yachisanu ndinaiika pa kauntala ndi manja awiri, ndinagwada, ndinafotokoza zonse, ndi zopotoza makina zomwe.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anavula magalasi, anaitola ndi zala, iwo amene sankagwira ndalama ndi chala, n'kuitembenuza kawiri.

"Ngakhale ikanatuluka bwino, ikanakhala itaonongeka," anatero. "Ndalama yotere sakuta. Imayenera kukhala mmene anaigwirira mwini wake."

"Ndimafuna kuiteteza kumvula, aphunzitsi."

"Ndamva. Koma mukanandifunsa, achemwali."

Anali asananditchulepo kuti achemwali. Anaika chinthu chija m'thumba la malaya, n'kutenga mapepala awo. Njinga sanakwere, anangoikankha.

Loweruka ndinawauza ndekha a Makwinja. Anandikalipira mpaka ogulitsa tomato kunja kuleka malonda, anamata kotenthetsera kaja ndi selotepi pa nambala yake, koma sanandichotse. Ndinagwira pamenepo chaka china ndi theka. A Gondwe sanalowenso mushopumo. Akafuna fotokope ankakwera minibasi mpaka ku Mulanje. Tikakumana pamsewu ankandipatsa moni waulemu wonse, ndipo moni umenewo unkandipweteka kuposa mbama. Kenako anawasamutsira kumpoto, ndipo sindinawaonenso.

Lero ndili ndi shopu yangayanga ku Limbe, makina anayi. Kukhala pansi kumandivutabe. Koma munthu akaika chinthu pa kauntala, kaya ndi chithunzi, kaya ndi kalata yakale, manja ndimawaika kumbuyo. Ndimafunsa kuti ndi cha ndani, akufuna ndichite nacho chiyani, ndipo ndimamuuza kuti chikalowa m'makinamo sichibwereranso mmene chinalili. Ndimafunsa kawiri. Ena amakwiya, amati ndikuwachedwetsa. Ndimawasiya akwiye.