Zaoneka, achimwene, lowani

Achimwene, dzulo masana amabwereza pa TV mwambo wopereka mphoto kwa oyimba, ndipo ndinapsa mtima. Woyimba wina maikolofoni inamupulumuka n'kugwa pansi, koma mawu ake n'kumamvekabe. Wagitala naye sanalumikize n'komwe chingwe. Anthu m'holo kuwomba m'manja ngati aona zenizeni!

Ndiye ndinakumbuka chaka chija kwathu kwa Zulu, tikufuna kuonera mwambo ngati womwewu, eriyo yathu ya pansungwi itakakamira kugwira siteshoni ya ku Zambia. Munatuluka mvula ikuwaza, n'kumapotoza nsungwi ija uku mukufuula kuti, "Zaoneka?" Ife m'nyumba, "Pang'ono! Bwererani! Gwirani pompo!" Munagwiradi pompo mpaka mwambo kutha, osaonako woyimba ngakhale mmodzi. Ndinakukalipirani kuti tisinthane, inu mumvekere, "Iwe dzionera, undiuza." Makani omwewo ndi amene munakanira nawo kuchipatala, ati n'kachifuwa chabe. Zaka zitatu tsopano chitisiyireni, koma ndidakali wokwiya nanu.

Pano tili ndi dishi, zithunzi zili mbee, koma tikuonera anthu ongoyasamula pakamwa. Zaoneka, achimwene. Siyani nsungwiyo, lowani.