Mlombwa wa Kuseri kwa Bafa

Anayamba kundiuza ndi mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, amene amasoka nsapato pamsika wa Kawale. Anafika ali wefuwefu. "Alamu, bisani nkhwangwa! Mtengo wanu uja akuti ndi bwana."

Mtengowo ndi mlombwa, ndipo sitinaudzale dala ayi. Titangosamukira m'tauni, bambo a ana anabweretsa mitengo kuchokera kwawo ku Dedza yomangira mpanda wa bafa. Kumudzi aliyense amadziwa kuti mlombwa ukauzika wauwisi umaphuka, koma iwo anati dothi la m'tauni silingabereke kanthu. Ina yonse inadyedwa ndi chiswe. Umodzi unaphuka, n'kukula, mizu yake n'kuyamba kung'amba khoma la nyumba.

Ndinaupempherera zaka zambiri kuti Ambuye auumitse. Ukautema umatulutsa madzi ofiira ngati magazi, ndiye aganyu ankathawa. Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anakwatira, mpongozi n'kukhala woyembekezera, ndipo malo omangapo chipinda chawo analipo pamtengopo pokha. Tinabwereka nkhwangwa kuti tidule tokha.

Ndinali nditaiwala za atsikana awiri ophunzira za nkhalango amene anabwera kale kudzapempha masamba ake. Ankati akukayeza DNA, ija amayeza abambo okana mimba. Ndinawauza kuti atenge ndi omwe ndasesa.

Tsiku limenelo anabweranso pagalimoto ndi mkulu wawo, mlamu atatsogola. Anaima mwaulemu moyang'ana bafa langa, ulemu umene sindinauone ngakhale pamaliro a amuna anga.

"Amayi," anatero mkuluyo, "milombwa ya kuphiri kumene unachokera uwu inatha ndi makala ndi macheka. Tayeza, tapeza kuti mtundu wake ndi wosiyana ndi ina yonse imene tasunga. Tikufuna njere zake tikabwezere kunkhalango."

"Utengeni wonse, bambo. Galimoto muli nayo."

"Ungafe, amayi."

"N'zimene ndakhala ndikupempha."

Mwana wanga sanaseke. "Amama, ndiye mwana wathu adzagona m'nthambi ngati mpheta?"

"Bola iye adzakhala ndi alonda," anayankha mlamu.

Ndinalowa m'nyumba kukagwada. Ndili chogwada ndinakumbukira phiri la kwawo kwa amuna anga, mmene lametedwera mpala. Chotsala cha phiri lonselo chinali kuseri kwa bafa langa, pamene ndimayanika thaulo. Nditatuluka ndinauza mwana wanga kuti nkhwangwa akabweze kwa eni ake. Anakabweza, koma moni wake unafupika mpaka mvula inagwa.

Chipinda tinamangabe, chopapatiza, chokhota pozemba mtengo. Bedi linalowa atalimasula. Mdzukulu anabadwa wathanzi, alemekezeke Mulungu, ndipo amagona bwino mumthunzi umene agogo ake aamuna anakana kuti ungakhalepo. A nkhalango aja amabwera kudzatola njere. Nthawi zina amayamba asisita mtengo asanatipatse moni, koma sindidandaula. Ndinapempha kuti uume, Ambuye anandipatsa alendo. Amadziwa ndi Iwo.

Inu amene mwawerenga, mphepo ya mvula ikayamba mutikumbukire m'mapemphero: ine, ana anga ndi khanda logona pafupi ndi khoma long'ambika. Za mtengo musavutike, uli nawo ouyang'anira.