Mlonda Amene Anagwetsa Mkamwini Wake

Asanakhale mlonda pachipatala ankagwira ntchito kophera ng'ombe, ndipo dzina loti a Chigwira analitenga komweko. Anali munthu wa dzitho, wa mawu ochepa. Akazi awo anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, yemwe anamulera okha mpaka kumukwatitsa kwa mnyamata wowotcherera zitsulo.

Anamwino a m'chipinda cha matenda adzidzidzi ankawaitana kukabwera wodwala wosagwirika. Osagwirikawo anali atachuluka, makamaka osuta mefi, mankhwala ozunguza bongo ooneka ngati galasi loswekasweka. Ankafika atatha masiku osagona, thukuta lili kamukamu, akudzikanda mpaka magazi ati m'khungu mwalowa tizilombo. A Chigwira ankakonda kunena kuti ng'ombe zinali bwino, poti sizinkatukwana amayi a munthu.

Masana ena amuna awiri ovala maovolosi analowa akukoka mnzawo. A Chigwira atayang'anitsitsa anaona kuti anali mkamwini wawo, atawonda ngati bango. Pambuyo pankabwera mwana wawo, mimba ili patsogolo, diso lakumanzere litatupa. Miyezi yonseyi ankawauza kuti kunyumba kuli bwino, kungoti mwamuna wake sagona chifukwa ntchito yachuluka.

Mkamwiniyo anapulumuka m'manja mwa anzake, n'kutola sizasi pakatebulo ka mabandeji, n'kukaima pakona. Ankakuwa kuti mkazi wake waika mawaya m'makoma kuti anthu azimumvera, ndipo apongozi ake alembedwa ganyu yoti amuphe. Odwala ena anathawira kukhoma. Namwino wamkulu anamulankhula mofatsa, kumupempha kuti akhale pansi amwe madzi, kwinaku dokotala akukoka mankhwala mu jakisoni. Mwadzidzidzi munthu uja analumphira mkazi wake.

A Chigwira anamugwira mkono sizasi isanafike, n'kumupinda, n'kumugwetsa chafufumimba. Bondo lawo linatera pamsana. Atakweza mutu anaona diso lotupa lija pafupi, ndipo anatsamira ndi thupi lonse.

"A Chigwira, munthuyo sakupuma," anatero namwino.

Anamva bwinobwino, koma bondo silinasunthe. Pansi pawo miyendo ya mkamwiniyo inayamba kufooka.

Mwana wawo anagwada movutikira n'kuwagwira phewa. "Ababa, mundiphera bambo wa mwanayu."

Anachotsa bondo, n'kumugoneka cham'mbali monga anawaphunzitsira, n'kumugwira mapewa mpaka jakisoni analowa. Mpweya unabwerera ndi chifuwa. Atamunyamulira pabedi, a Chigwira anatuluka kukakhala pabenchi.

Mkamwiniyo anamutumiza ku wodi ya matenda a maganizo, ndipo mwana wawo anabwerera kwa bambo ake. Mawa lake a Chigwira anauza namwino wamkulu kuti dzulo mawu ake anawamva koma sanafune kumvera, choncho awasamutsire kugeti la magalimoto. Namwinoyo anavomera.

Atatuluka m'chipatala, mkamwini anabwera kudzapepesa. Za sizasi sankakumbukira chilichonse, ankangodabwa kuti nthiti zikumupwetekabe. A Chigwira anamupatsa mpando n'kumulola kunyamula khanda lomwe linabadwa iye ali m'chipatala. Koma atafunsa za tsiku lotenga mkazi wake, iwo anamuuza kuti afunse mwiniwake. Mkaziyo anayankha ali kukhitchini kuti akufuna ayambe waona kaye ngati mwamunayo wasinthadi.